Kudziwa Tizitsulo Togwira Kebulo ya Magiya pa Injini Yakale ya Boti

Mabanja ena a kuno ku Chelstone ali ndi abale osodza ku Chanyanya pa mtsinje wa Kafue, kapena ku Siavonga pa nyanja ya Kariba. Injini ya boti ikawonongeka, kawirikawiri imatumizidwa ku Lusaka, ndipo wofuna masipeya amabwera ndi kachitsulo m'manja osadziwa dzina lake. Nkhani ino ikukhudza mainjini oyendetsedwa ndi chogwirira chokhala m'kati mwa boti, amene magiya ake amasinthidwa ndi kebulo.

Kebulo ili ndi mbali ziwiri: chikopa chakunja ndi waya wam'kati. Chikopa chiyenera kugwidwa nji, pamene waya akukankha kapena kukoka mkono wa magiya. Choncho kachitsulo kalikonse pamalopo kali ndi ntchito imodzi mwa ziwirizi: kugwira chikopa, kapena kulumikiza waya ku mkono. Chikopa chikamasuntha, giya imalowa mwatheka, mano a m'kati amadyeka, ndipo injini imayamba kutuluka yokha m'giya. Boti lokana kubwerera m'mbuyo pofika padoko, kapena pafupi ndi mvuu, limaika moyo pangozi.

Makebulo pa injini ndi awiri. Sunthani chogwirira pang'onopang'ono kuchoka pa neutral: imene yayamba kuyenda ndiyo ya magiya, inayo ndi ya moto.

Pa Johnson ndi Evinrude, chikopa chimagwidwa ndi nati yotchedwa trunnion, imene imakhala m'kamphako ndi kutsekeredwa ndi kachivundikiro ka sikulu. Mutu wa kebulo umavala pini ya pa mkono, ndipo umamangidwa ndi washala ndi nati, kapena ndi kilipi. Makebulo a mainjini opangidwa chisanafike chaka cha 1979 ndi osiyana ndi a pambuyo pake. Pa Mercury, ntchito ya trunnion imagwiridwa ndi kamgolo kamazinga kotchedwa barrel. Pa Yamaha, kapanichitsulo kamaluma kampata ka pa chikopa, ndipo kumapeto kwa waya kumamangidwa kamutu kokhala ndi bowo la pini. Mariner zing'onozing'ono zambiri zakale zinapangidwa ndi Yamaha ku Japan, motero tizitsulo take timafanana ndi ta Yamaha.

Maso okha amanyenga, choncho pezani nambala ya mtundu wa injini pa kachikwangwani kokhala pa chitsulo chomangira injini ku boti. Kuyambira 1980, Johnson ndi Evinrude anabisa chaka m'liwu lakuti INTRODUCES: I ndi 1, N ndi 2, mpaka E amene ndi 9, ndipo S ndi 0. Zilembo ziwiri zoyandikira kumapeto kwa nambala ndizo chaka: CS ndi 1980, EO ndi 1995. Kampani ya OMC imene inkapanga mainjiniwa inagwa mu 2000, ndipo Evinrude inaleka kupangidwa mu 2020. N'chifukwa chake masipeya ambiri amachokera ku mainjini ophwasulidwa, ndipo wogula ayenera kudziwa chaka.

Musanamasule kalikonse, jambulani malowo ndi foni, chotsani mawaya a mapulagi, ndipo yalani tizitsulo pa nsalu motsatana. Pobwezera, ikani chogwirira ndi mkono wa magiya pa neutral, kenaka zungulizani trunnion, barrel kapena kamutu kufikira bowo litakumana ndi pini popanda kukakamiza. Poyesa magiya injini ili yozima, wina azizunguliza pulopela ndi dzanja kuti mano alowane bwino.

Kumanga kebulo ndi waya wa mpanda pamalo pa kilipi kungakufikitseni kumtunda tsiku limodzi. Koma kilipi ndi yotsika mtengo, pamene magiya atsopano angadye phindu la nyengo yonse ya usodzi.