Bala Likavuta Kupola Pambuyo pa Opaleshoni Yochepetsa Khungu ndi Mafuta: Malangizo kwa Odwala ndi Owasamalira ku Bindura

Opaleshoni yokonza maonekedwe a thupi ili ya mitundu ingapo. Ena amachotsetsa khungu lolendewera pamimba atabereka kangapo kapena ataonda kwambiri. Amayi ena amachepetsetsa mabere amene kulemera kwake kwawapweteketsa msana ndi mapewa kwa zaka zambiri, ndipo enanso amapopetsa mafuta m'chiuno ndi m'ntchafu. Opaleshoni zotere zimachitika kawirikawiri ku Harare, pomwe ena amakachitira ku South Africa kapena kutali kuposa apo. Koma bala limapolera kunyumba. Ngati kwanu ndi ku Chipadze, ku Chiwaridzo, kukomboni ya Trojan kapena kufupi ndi mgodi wa Freda Rebecca, dokotala amene anakusokani ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90, mwinanso kunja kwa dziko, pamene mavuto ambiri a bala amaonekera munthu atatuluka kale m'chipatala. N'chifukwa chake inuyo ndi amene akukusamalirani muyenera kudziwa kusiyanitsa vuto limene lingadikire tsiku lokaonana ndi dokotala ndi vuto limene silifunika kugona nalo.

Chifukwa chake bala lotere limavuta

Pa opaleshoni ya pamimba, dokotala amacheka kuchokera mbali imodzi ya chiuno kufikira mbali inayo, kenaka amasendeza khungu ndi mafuta kuchoka pa minofu, amadula chotsala, n'kukokera khungu lotsalalo m'munsi kuti asoke. Pochita zimenezi timitsempha tambiri ta magazi timaduka, pansi pa khungu pamatsala mpata, ndipo msokowo umakhala wokokeka. Zinthu zitatuzi ndizo gwero la pafupifupi vuto lililonse limene mungakumane nalo.

Kumbukiraninso kuti bala limatseka pamwamba msanga koma limalimba mochedwa. Pakatha milungu 3, mphamvu yake imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu ya khungu labwino. Limalimba ndithu pakatha miyezi itatu, ndipo ngakhale pamenepo silipitirira magawo 80 mwa 100. Munthu akaona ulusi wachotsedwa amayesa kuti wachira, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzivulaza.

Madzi ndi magazi pansi pa khungu

Vuto lofala kuposa onse pa opaleshoni ya pamimba ndi madzi osonkhana mumpata uja, amene madokotala amawatcha seroma. Mudzaona chotupa chofewa chimene chimayenda ngati madzi a m'thumba mukachigwira, ndipo nthawi zambiri chimabwera kachubu kotulutsa madzi katangochotsedwa. Ngati mwabwerera kunyumba ndi kachubuko, lembani m'kabuku kuchuluka kwa madzi otuluka tsiku lililonse ndi mtundu wake. Madokotala ambiri amakachotsa madzi akachepera mamililita 30 pa maola 24, choncho nambala zimene mwalembazo ndi zimene zidzawatsogolere. Madzi ochepa thupi limawamwa lokha. Akachuluka amapopedwa ndi singano kuchipatala, nthawi zina kangapo, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti opaleshoni yalephereka. Musaboole chotupacho nokha, ndipo musalole wina aliyense kutemerapo mphini, chifukwa madzi oyerawo akalowa tizilombo amasanduka thumba la mafinya.

Magazi osonkhana pansi pa khungu ndi nkhani ina. Amabwera msanga, makamaka m'masiku awiri oyamba: mbali imodzi imatupa mwachangu, imalimba, imada ndi kupweteka kwambiri, ndipo wodwala angamve chizungulire kapena mtima kuthamanga. Zikatero pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Bala likatseguka

Kutseguka pang'ono kwa msoko kumachitika kwa anthu ambiri, makamaka pakati pa mimba pamwamba pa chinena, kapena kunsi kwa bere pamene misoko iwiri imakumana. Malo amenewa ndi okokeka kwambiri ndiponso magazi amafikako movutikira. Kawirikawiri zimachitika m'sabata yachiwiri kapena yachitatu.

Odwala ambiri amadabwa dokotala akakana kusokanso. Ali ndi chifukwa chomveka: kusoka bala limene lakhala lotseguka kumatsekera tizilombo m'kati. Bala lotere limasiyidwa kuti lidzaze lokha kuchokera pansi, likutsukidwa ndi kumangidwa, ndipo ntchitoyi imatenga milungu ingapo. Mnofu wofiira wonyezimira, wooneka ngati timibulu ting'onoting'ono, ndi chizindikiro chabwino. Kaulusi ka m'kati kakatulukira pakhungu ngati kachiphuphu, namwino angakadule mosavuta.

Khungu la m'mbali mwa msoko likayamba kuda kuposa lina lonse, kuzizira, kuchita matuza, kenaka kuuma ngati chikopa, ndiye kuti silikulandira magazi. Pa khungu lakuda kusintha kumeneku sikuoneka bwino ndi nyali ya m'nyumba, choncho muziyang'ana bala masana pafupi ndi zenera. Jambulani chithunzi ndi foni tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi, kuti muzitha kufananiza ndiponso kutumizira dokotala. Nkhanambo yakudayo musaisende. Dokotala ndi amene adzaone nthawi yochotsa mnofu wakufa.

Ngati bala latseguka mozama ndiponso mwadzidzidzi, kapena mukuona za m'kati, phimbani ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa ndi madzi owiritsa a mchere, musadye kapena kumwa kanthu, ndipo munyamulidwe chogona kupita kuchipatala.

Tizilombo tikalowa

Kufiira pang'ono ndi timadzi tachikasu toyera m'masiku oyamba si matenda. Matenda amadziwika ndi ululu umene ukukulirakulira m'malo mochepa, kutentha ndi kulimba kwa khungu lozungulira bala, mafinya, fungo loipa, ndi kutentha thupi kofika madigiri 38. Angayambe nthawi iliyonse m'masiku 30 oyamba. Popeza kufiira sikuoneka msanga pakhungu lakuda, dalirani dzanja lanu: sambani, kenaka gwirani pafupi ndi bala ndi kuseri kwa dzanja, n'kufananiza ndi mbali ina ya thupi.

Kuno ku Mashonaland Central malungo alipo, ndipo thupi likatentha munthu amayamba waganiza za malungowo. Kayezetseni ndithu, koma muuzeni namwino kuti munachitidwa opaleshoni, ndipo mumasule bandeji kuti aone. Makapisozi ogula pamsika kapena otsala kwa mnansi amangobisa zizindikiro, ndipo amasokoneza zotsatira pamene achipatala atenga mafinya kuti akapime. Mafinya osonkhana amafunika kutulutsidwa. Mankhwala okha sawachotsa.

Pali matenda ena amene amabwera mochedwa, patapita milungu ingapo kapena miyezi. Wodwala amatuluka timatupa tolimba totuluka madzi, timene sitimva mankhwala wamba. Mu 2014 bungwe la CDC la ku America linalengeza za odwala amene anatenga tizilombo totchedwa Mycobacterium abscessus atachitidwa opaleshoni zokonza thupi ku Dominican Republic. Tizilomboti ndi ta mtundu umodzi ndi kachilombo ka TB, timapezeka m'madzi ndi m'dothi, ndipo timafuna kupima kwapadera ndi mankhwala a miyezi yambiri. Ngati munachitira opaleshoni kunja, nenani poyera dziko lake ndi tsiku lake. Manyazi pa nkhani imeneyi achedwetsa thandizo kwa anthu ambiri, pamene ntchito ya namwino ndi kuchiza bala, osati kufunsa chimene munapitira.

Zosafunika kudikira kuti kuche

Choopsa chachikulu pa opaleshoni ya pamimba sichili pabala penipeni. Magazi angaundane mumtsempha wa m'mwendo, ndipo chibuma chake chikasuntha chimakatseka mitsempha ya m'mapapo. Katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika, kumva kubaya m'chifuwa, kutsokomola magazi kapena kukomoka, thamangirani ku Bindura Provincial Hospital kapena chipatala chilichonse chapafupi, ngakhale pakati pa usiku. Musayambe ulendo wa ku Harare pa nokha pofuna dokotala wanu. Achipatala ndi amene angakutumizeni ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital akaona kuti n'kofunika. Chitaninso chimodzimodzi wodwala akamanjenjemera, akamalankhula zosokonekera, akasiya kukodza, kapena kutupa ndi kuda kwa khungu kukamafalikira m'maola ochepa.

Ulendo wautali wa basi kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, kapena wa pa ndege, umawonjezera ngozi imeneyi kwa munthu amene wangochitidwa opaleshoni. Funsani dokotala tsiku limene mungayende, ndipo muli kunyumba muziyenda pang'onopang'ono kangapo pa tsiku m'malo mogona tsiku lonse.

Kutsuka ndi kumanga

Sambani m'manja ndi sopo musanagwire bala. Madzi abwino otsukira ndi a mchere a m'botolo ogulitsidwa kufamase. Akasowa, wiritsani lita imodzi ya madzi, thiranimo magalamu 9 a mchere, amene ndi pafupifupi sipuni ya tiyi imodzi ndi theka, kenaka muwasiye azizire ali ovindikira. Konzani ena tsiku lililonse. Madzi a pachitsime kapena osungidwa mumgolo musathire pabala lotseguka musanawiritse, ndipo a m'maenje a migodi musawayandikize n'komwe. Spiriti ndi mankhwala ena owawa amapha mnofu watsopano pamodzi ndi tizilombo. Phulusa, mankhwala otsukira mano, ufa wa m'makapisozi ndi zitsamba zosinja siziyenera kufika pabala.

Mwina munamvapo za shuga. Nkhaniyi ili ndi maziko: Moses Murandu, namwino wochokera kuno ku Zimbabwe amene anakaphunzitsa pa University of Wolverhampton ku England, anafufuza za kuthira shuga wamba pa zilonda, njira imene anaiona ali mwana. Koma zimenezi zimachitidwa pa mabala osankhidwa, moyang'aniridwa ndi achipatala. Funsani kaye namwino amene waona bala lanu.

M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, thukuta limanyowetsa bandeji msanga, makamaka kunsi kwa mabere ndi m'mphechepeche, ndipo fumbi la m'misewu ya kumigodi limamatirira pamenepo. Bandeji ikanyowa isinthidwe pompo, osadikira nthawi yake. Lamba wothina amene munapatsidwa amachepetsa kutupa, koma asapindike n'kumadula khungu, ndipo asathine mpaka kukulepheretsani kupuma bwino. Khungu la pamimba limachita dzanzi kwa miyezi, choncho botolo la madzi otentha kapena kuyandikira kwambiri moto kungakutentheni osamva.

Zimene zimachedwetsa kupola

Fodya ali patsogolo. Chikonga cha mu fodya chimafinya timitsempha ta magazi, pamene khungu lokokedwalo likudalira timitsempha tochepa totsala. Ndudu, fodya wopichira, wamphuno ndi wa pansi pa lilime, onse amachita chimodzimodzi. Lipoti la World Health Organization la mu 2020 linasonyeza kuti kusiya fodya milungu 4 kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike kumachepetsa mavuto. Ngati simunasiye nthawi imeneyo, siyani lero, ndipo a m'nyumba azikasutira panja.

Ngati muli ndi matenda a shuga, yezani pafupipafupi, chifukwa shuga wokwera amafooketsa chitetezo cha thupi, ndiponso bala la mafinya limakweza shuga. Amene mumamwa ma ARV musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Asipirini ndi mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi mumwe kapena musiye pokhapokha dokotala wanena.

Ino si nthawi yodzimana chakudya poopa kunenepanso. Thupi limamanga mnofu watsopano ndi mazira, nyemba, matemba, nkhuku, mkaka, soya ndi chiponde. Malalanje a ku Mazowe, magwafa, masawu ndi malambe amapereka vitamini C amene bala limafuna, ndipo chiwindi ndi ndiwo zamasamba zimathandiza amene anataya magazi.

Pa nkhani ya ntchito, madokotala ambiri amaletsa kunyamula zolemera kwa milungu 6. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kuitukula kufika pamutu n'kokwanira kung'ambula msoko. Kubereka mwana kumbuyo, kuchapa chowerama, kulima ndi kukankha wilibala ya miyala zonse zidikire. Ogwira ntchito pamgodi apemphe kalata ya dokotala yopempha ntchito yopepuka. Owasamalira akonzeretu amene adzatunge madzi ndi kunyamula ana m'milungu imeneyi, popeza mayi akaona ntchito itaima amadzuka n'kuigwira. M'masiku oyamba gonani chagada mutaika mapilo kunsi kwa mawondo, yendani mowerama pang'ono, ndipo gwirani pilo pamimba potsokomola.

Chipsera, ndi mapepala anu

Chipsera chimasintha kwa chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka. Anthu a khungu lakuda ambiri amachita chipsera chotukuka, ndipo china chimakula kupitirira malire a bala, chimene chimatchedwa keloid. Ngati inu kapena abale anu munachitapo chotupa chotere pakhutu loboola kapena pa katemera, muuzeni dokotala. Bala likatsekeratu, timapepala ta silikoni tomata timathandiza, ndipo chipsera choyabwa ndi kutukuka chimabayidwa jakisoni wochiphwetsa. Kuchidula kokha popanda chithandizo china kumachibweretsa, nthawi zina chachikulu kuposa poyamba. Mafuta oyeretsa khungu musapake pachipsera.

Sungani pamalo amodzi kalata yotulukira m'chipatala, dzina la opaleshoni, tsiku lake, mndandanda wa mankhwala ndi nambala ya dokotala, ndipo muzipita nazo kukiliniki nthawi zonse. Ngati pakufunika opaleshoni ina yokonza bala kapena chipsera, dikirani mpaka kutupa kutatha, kawirikawiri miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo tsimikizani kuti amene adzaichite ndi wolembetsedwa ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe.