Gawo 4: Taifodi ndi Zilonda za M'matumbo Aang'ono

Mu gawo lino muphunzira momwe taifodi amaonongera matumbo, zizindikiro zomwe mphunzitsi angazione, komanso momwe mungathandizire wophunzira amene wachitidwa opaleshoni. Chitsanzo chathu ndi Hopley, kum'mwera kwa mzinda wa Harare.

Za malowa

Anthu anakhazikika ku Hopley mu 2005, boma litagwetsa nyumba zawo pa Operation Murambatsvina. Mabanja ambiri amatunga madzi m'zitsime zosazama, zoyandikana ndi zimbudzi zokumba. Mvula ikagwa, zonyansa zimalowa m'madzi akumwa. Umu ndi momwe kachilombo ka taifodi, Salmonella Typhi, kamafalira. Mliri wa matendawa unavuta ku Dzivarasekwa ndi Kuwadzana mu 2011 ndi 2012, ndipo mu 2019 katemera anaperekedwa m'madera 9 a Harare, kuphatikizapo Hopley.

Chimachitika n'chiyani m'mimba?

Chakudya chikachoka m'chifu chimalowa m'matumbo aang'ono, otalika pafupifupi mamita 6, momwe thupi limayamwa zofunika. Zotsala zimapita m'matumbo aakulu, omwe amayamwa madzi. Taifodi amakonda kumapeto kwa matumbo aang'ono. Pamenepo pamatupa, kenaka pamachita zilonda. Munthu akapanda kulandira mankhwala, chilonda chingathe kuboola thumbo, makamaka m'sabata yachitatu. Zam'matumbo zimatayikira m'mimba, ndipo popanda opaleshoni yachangu munthu amamwalira.

Inu muona chiyani?

Mwana amatentha thupi, ndipo kutenthako kumakwera tsiku ndi tsiku. Mutu umamupweteka, amafooka, safuna kudya, m'mimba mumamupota. Ena amatsegula m'mimba, ena amadzimbidwa. Kunyumba anganene kuti, "Ndi chimfine ichi, chitha chokha." Koma inu muli ndi kaundula. Mwana wajomba masiku atatu chifukwa cha kutentha thupi? Musadikire, ayi. Tumizani uthenga kwa makolo kuti apite naye kuchipatala. Akapatsidwa mankhwala amalize onse, chifukwa kachilomboka kayamba kusamva mankhwala ena. Mimba ikauma gwa, n'kumapweteka kwambiri, kapena chimbudzi chikaoneka magazi, apite tsiku lomwelo.

Akabwerako ku opaleshoni

Nthawi zina madokotala satseka thumbo nthawi yomweyo. Amatulutsa nsonga yake pakhungu la pamimba, chimbudzi n'kumagwera m'kathumba komata pamenepo. Kwa odwala taifodi, kawirikawiri amadzalumikizanso thumbolo pakapita miyezi ingapo. Opaleshoni yotere imachitidwanso kwa amene achotsedwa matumbo aakulu chifukwa cha matenda a zilonda otchedwa ulcerative colitis.

Taganizani: chimbudzi sichikudutsanso m'matumbo aakulu, ndiye madzi ayamwidwa kuti? Mwana wotere amataya madzi ndi mchere wambiri. Choncho:

1. Muloleni kutuluka osakweza dzanja. Mugwirizane kachizindikiro, awiriwiri.
2. Akhale ndi botolo la madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi ORS monga anenera achipatala.
3. Akamachita chizungulire, kuuma milomo kapena kukodza pang'ono, adziwitseni makolo mwamsanga.
4. Pezani malo obisika, sopo ndi madzi, poti azikhuthulira kathumbako.
5. Musauze anzake za kathumbako popanda chilolezo chake ndi cha makolo. Ana akayamba kumuseka, amasiya sukulu.

Ntchito 1

Yendani pasukulu panu. Kuchokera pachitsime kapena pamjigo kufika pachimbudzi pali mapazi angati? Nanga posamba m'manja alipo? Kenaka onani kaundula wa teremu yatha, muwerenge ana amene anajomba masiku atatu otsatizana. Ndi angati amene munadziwa chifukwa chake? Lembani zomwe mwapeza, mukambirane ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo mutumize yankho lanu kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya gawo lino.