Galimoto ya magetsi pasoketi ya m'nyumba: yang'anirani pulagi

Funso la galimoto zoyendera magetsi layamba kumveka kawirikawiri, makamaka kwa amene aitanitsa Nissan Leaf kuchokera ku Japan, komanso ana athu okhala ku Britain, kumene pulagi ndi ya mano atatu ngati yathu yomweyi. Akuti kodi nkotheka kutchaja galimoto pasoketi ya pakhoma, ija timaphikirapo tiyi?

Eya, nkotheka. Koma imvani bwino.

Chingwe chotchajira pakhomo chimakoka pafupifupi 10A, yomwe ndi mphamvu ya 2.3 kW pamagetsi athu a 230V. Ketulo nayo imakoka chimodzimodzi, koma pakatha mphindi zochepa yazima. Galimoto imakoka usiku wonse osapuma. Leaf yoyambirira, ija inatuluka mu 2010, ili ndi batire ya 24 kWh ndipo imadzaza pa maola 11 kapena 12. Ya 40 kWh imafuna pafupifupi maola 20. Pamita ya ESCOM yuniti imodzi ndi 1 kWh, ndiye mayunitsi werengerani nokha.

Nkhawa yanga ili pa maola amenewa. Pulagi yathu inalembedwa 13A, inde, koma soketi ikakhala yokalamba, yogwedera, kapena waya wakuseri anamangidwa mosalimba, imatentha pang'onopang'ono mpaka pulasitiki kusungunuka inu muli m'tulo. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni: moto wa usiku umagwetsa munthu ndi utsi asanaone n'komwe lawi, ndipo chilonda chamoto pa mwana sichipola msanga.

Choncho musanayambe, itanani wamagetsi wa mapepala ake, osati mnyamata wapafupi amene amangodziwa kupotokola mawaya. Aone soketiyo, waya wa earth, komanso ngati nyumba ili ndi RCD, kachipangizo kamene kamadula magetsi kokha akayamba kudutsa posayenera. Thumba likalola, akukokereni waya wa galimoto yokha kuchokera pabokosi la magetsi.

Ekisitenshoni ayi ndithu, makamaka zija za pamsika za mabowo asanu. Yokulungakulunga ndiye yoipitsitsa, chifukwa kutentha kumasowa kotulukira. Ndipo ngati chingwe chabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, dziwani kuti chinapangidwira magetsi a kumeneko, a 100V kapena 200V. Musangodula pulagi yake n'kuikapo yathu. Gulani chingwe choyenera magetsi a kuno.

Masiku oyamba tchajani masana muli maso. Pakatha ola limodzi, khudzani pulagi ndi kuseri kwa dzanja, monga muja timamvera kutentha kwa mwana pamphumi. Kufunda pang'ono palibe kanthu. Ikamaotcha, ikamanunkha pulasitiki, kapena mabowo a soketi akada, zimitsani pompo ndipo musaigwiritsenso ntchito mpaka wamagetsi abwere. Nthawi ya dzinja, pulagi isamavumbwe kapena kukhala pansi podikha madzi.

Moto ukabuka, thamangirani kukazimitsa pabokosi, osathira madzi pamagetsi. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pachilondapo kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira musapakepo, chonde. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita naye kuchipatala.