Kachubu kotsegula mtsempha wa mtima: Kodi kabwino ndi kati?

Mafuta akatseka mtsempha wopatsa mtima magazi, madokotala nthawi zambiri amaikamo stent. Aka ndi kachubu kolukidwa ndi waya, konga kasipiling'i ka m'bolopeni. Amakalowetsa kudzera mumtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche, n'kukakafutukula pamene pathinapo kuti magazi ayambenso kuyenda.

Ena mwa odwala kuno kwathu amakalandira thandizoli ku India kapena ku South Africa, ndipo ulendowo umadya ndalama zambiri. Choncho banja limafuna kudziwa ngati wodwala wawo sadzabwereranso.

Kachubu koyamba anakaika mumtsempha wa mtima wa munthu ku Toulouse m'dziko la France m'chaka cha 1986. Vuto linali loti mnofu unkamera mkati mwake ngati chipsera, moti mwa odwala 100 alionse, 20 mpaka 30 mtsempha unkathinanso.

Pofuna kuthana ndi izi, akatswiri anayamba kupaka timachubuti mankhwala amene amatuluka pang'onopang'ono n'kumaletsa mnofuwo kumera. Dziko la America linavomereza Cypher m'chaka cha 2003 ndi Taxus m'chaka cha 2004.

Koma pofika 2006 panabuka nkhawa. Mankhwalawo ankachedwetsanso mtsempha kupola, ndipo mwa odwala ena magazi ankaundana pakachubupo ngakhale patatha chaka. Apa m'pamene anapanga timachubu tatsopano ta waya wopyapyala, monga Xience.

Kafukufuku wa SPIRIT IV, yemwe zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2010, anayerekeza Xience ndi Taxus pa odwala oposa 3,600. Patatha chaka, odwala pafupifupi 4 mwa 100 alionse a Xience anali atapezanso vuto, pomwe a Taxus anali pafupifupi 7.

Nanga timachubu tamankhwala timapulumutsa miyoyo yambiri kuposa topanda mankhwala? Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Madokotala a ku Norway anatsatira odwala 9,013 kwa zaka zisanu ndi chimodzi pa kafukufuku wa NORSTENT, ndipo anaulutsa zotsatira m'chaka cha 2016. Omwalira kapena kugwidwanso ndi nthenda ya mtima anali pafupifupi 17 mwa 100 alionse mbali zonse ziwiri. Kusiyana kunali pa obwerera kukatsegulidwanso mtsempha: pafupifupi 17 mwa 100 pa timachubu tamankhwala, ndi 20 pa topanda mankhwala.

Phindu lenileni la kachubu kamankhwala ndiye limenelo: kamachepetsa mpata wobwereranso kuchipatala. N'chifukwa chake lero madokotala ambiri amasankha tamankhwala tatsopanoti. Koma sikuti chatsopano chilichonse n'chabwino. Kachubu kosungunuka kotchedwa Absorb anasiya kukagulitsa m'chaka cha 2017, zitaoneka kuti magazi ankaundanapo kawirikawiri.

Wodwala akafika kunyumba, ntchito imatsalira banja. Amayenera kumwa aspirin pamodzi ndi mankhwala ena oletsa magazi kuundana, monga clopidogrel, kawirikawiri kwa miyezi 6 mpaka 12. Kuwasiya msanga kungachititse kachubuko kutsekeka mwadzidzidzi, ndipo munthu akhoza kufa.

Choncho musanachoke kuchipatala, funsani dzina la kachubu komwe aikako, nthawi yomwera mankhwala ndi komwe mudzawapeze akatha. Dziwaninso kuti kachubu kamatsegula malo amodzi okha. Fodya, shuga ndi BP zikalekereredwa, mtsempha wina nawonso udzatsekeka.