Pogula Mbuzi, Chikope Chimaulula Zambiri

Nyengo ya mvula, mbuzi zambiri zobwera pamsika zimakhala ndi njoka zam'mimba zoyamwa magazi. Wogula mwaphuma amalipira mtengo wonse, mbuziyo n'kukamufera m'khola asanaigulitse.

Wamalonda wochenjera amayamba wakokera pansi chikope cham'munsi. M'kati mukakhala mofiira, mbuzi ili bwino. Mukayera, ndiye kuti magazi achepa. Kutupa pansi pa chibwano n'chizindikiro chinanso. Mlangizi wa ziweto amatsimikiza poyeza ndowe, momwe mumapezeka mazira a njokazo.

Mankhwala monga albendazole amamwetsedwa molingana ndi kulemera kwa mbuzi. Akachepa, njoka zimangowazolowera. Yomwetsedwa isaphedwe masiku olembedwa pabotolo asanakwane. Khola lam'mwamba limathandizanso, popeza ndowe zimagwera pansi.