Kusankha Zogwirira Ndodo za Mbedza pa Boti Lowedza Mokoka

Alangizi ogwira ntchito m'maboma a Kadoma ndi Chegutu amakumana ndi anthu omwe amaphatikiza ulimi ndi usodzi pa damu la Claw, lomwe lili pa mtsinje wa Muzvezve, komanso pa damu la Ngezi. Ena mwa iwo ali ndi maboti ang'onoang'ono a injini, ndipo amanyamula alendo odzawedza pofuna kupeza ndalama zapadera. Ena amafika mpaka ku nyanja ya Kariba, komwe madzi a Muzvezve ndi Mupfure amakathera kudzera mu mtsinje wa Sanyati. Pa zipangizo zonse za boti lotere, chogwirira ndodo ya mbedza ndicho chimagulidwa mosaganizira kwenikweni kaamba koti ndi chaching'ono. Komatu chikathyoka, ndodo pamodzi ndi chokulungira chingwe zimamira nthawi yomweyo, ndipo pa damu la ng'ona zambiri ngati la Ngezi palibe munthu wanzeru amene angadumphire m'madzi kuti akazivuule.

Kuwedza mokoka ndi kuwedza kumene boti limayenda pang'onopang'ono likukoka nyambo kumbuyo. Msodzi sagwira ndodo m'manja koma amaizika m'chogwirira chomangidwa m'mphepete mwa boti. Njirayi inakhazikika kwambiri pakati pa asodzi a nsomba za salmon ku Alaska, ku British Columbia ndi m'nyanja zikuluzikulu za pakati pa America ndi Canada. Kumeneko boti limayenda makilomita 3 mpaka 5 pa ola, ndipo nyambo imamizidwa ndi mpira wa mtovu wolendewera pa waya wakewake. Ndodo imakhala yopindika tsiku lonse, kenaka nsomba yoposa makilogalamu 10 imaikoka modzidzimutsa. Nchifukwa chake chogwirira chomwe chinapangidwira salmon chimatengedwa ngati muyeso wa kulimba.

Salmon weniweni kulibe m'madzi a kuno. Mpasa wa m'nyanja ya Malawi, yemwe Azungu anamutcha "lake salmon" poona kuti amakwera mitsinje ngati Bua kukaswana, ndi mbale wa sanjika ndi usipa. Nsomba imene imayesadi mphamvu ya chogwirira m'chigawo chino ndi tigerfish, yomwe anthu a ku Lower Shire amaitcha mcheni. Imapezeka ku Kariba, ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, ndi mu Zambezi monse. Inachuluka ku Kariba kapenta atabzalidwa m'nyanjayo kuchokera ku Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo zina zogwidwa kumeneko zaposapo makilogalamu 15. Imamenya nyambo ili pa liwiro, kenaka nkulumpha pamwamba pa madzi. Nsomba za m'madamu a ku Kadoma, monga bass ndi mlamba, sizimenya mwaukali chotero, koma madamuwa ali ndi vuto lomwenso lili ku Kariba: mitengo ndi zitsa zomwe zinamizidwa pomanga damu. Mbedza ikakodwa pa chitsa boti likuyendabe, chogwirira chimalandira mphamvu yoposa ya nsomba ina iliyonse, pakuti chitsa sichitopa.

Ndodo ngati mgwala

Anthu ambiri amadabwa kuona chogwirira chachitsulo chitazuka chonsecho nsomba yake inali ya makilogalamu ochepa. Chifukwa chake nchakuti ndodo imagwira ntchito ngati mgwala wotukulira mwala. Mwachitsanzo, ndodo ya mamita 2.4 ikalowa m'chogwirira masentimita 20 okha, mbali yotsala kunja ndi mamita 2.2, kutanthauza kuti ndi yaitali ka 11 kuposa mbali yogwiridwayo. Chingwe chikakoka kunsonga ndi mphamvu ya makilogalamu 3, kutsinde kwa ndodo kumakankha chogwirira ndi makilogalamu 33, ndipo pakamwa pa chogwiriracho pamasenza pafupifupi 36. Kupindika kwa ndodo kumachepetsako chiwerengerochi, koma kudzidzimutsa kwa nsomba kumachibwezeranso. Motero chogwirira chakuya chimaposa chachifupi ngakhale zonse zitapangidwa ndi chitsulo chimodzimodzi.

Masamu omwewa akusonyezanso kuti buleki ya chokulungira chingwe ndiyo imateteza chogwirira. Asodzi odziwa amaitchera kuti iyambe kumasula chingwe pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu yomwe chingwecho chimadukira. Pa chingwe cha makilogalamu 10, buleki iyenera kumasula pa makilogalamu 2.5 mpaka 3. Msodzi womanga buleki mpaka mapeto, poopa kuti nsomba ithawa, akuika mphamvu yoposa makilogalamu 100 pa chogwirira chake chingwe chisanaduke.

Zopangira ndi kamangidwe

Zogwirira za pulasitiki wamba ndi zotsika mtengo, koma dzuwa la m'chigwa cha Zambezi limaziumitsa mpaka kuyamba kuphotchoka. Malo ake ofooka ndi timano tomwe timalola chogwirira kutembenuka: timatha, ndipo ndodo imagwa pamene nsomba yamenya. Za nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi ndi zolimbirapo ndipo zimakwanira pa bass. Kwa wopita ku Kariba kapena ku Cahora Bassa, chabwino ndi cha chitsulo chosachita dzimbiri kapena cha aluminiyamu yochindikala. Chitsulo cha nambala 316 chimapirira bwino madzi amchere. M'madzi a kuno cha nambala 304 nchokwanira, ndipo kulipira mtengo wokwera wa 316 nkungotaya ndalama.

Komabe zogwirira zambiri sizithyoka zokha ayi, zimazuka pamalo pomwe zinamangidwa. Masikuluwu oboola okha amagwira pang'ono chabe m'thupi la boti la fibreglass, ndipo amakhwepa ndi kugwedezeka kwa injini. Njira yodalirika ndi kuboola mpaka kuseri, kulowetsa mabawuti, ndi kuika kunsi kwake kachitsulo kafulati kapena thabwa lolimba lokulirapo kuposa tsinde la chogwirira, kuti mphamvu imwazike pamalo aakulu. Mabowo amatidwe kuti madzi asalowe ndi kuoletsa thabwa lamkati. Pa boti la aluminiyamu, bawuti ya chitsulo chosachita dzimbiri ikakhudzana ndi thupi la boti pamalo onyowa, aluminiyamuyo imadyeka pang'onopang'ono, choncho pakati pake paikidwe washala wa nayiloni kapena mafuta otchinga. Zogwirira zopana ndi zabwino kwa wobwereka boti, koma zimaterereka ndi kutembenuka, kotero sizoyenera pa ndodo yoloza m'mbali, yomwe imapotokola chogwirira kwambiri kuposa yoloza kumbuyo.

Mlangizi asanyoze zopangidwa kumudzi. Amisiri owotcherera a ku Rimuka kapena ku Chegutu akhoza kupanga chogwirira cholimba ndi paipi ya madzi yachitsulo yotalika masentimita 25 mpaka 30, yowotchereredwa pa chitsulo chafulati cha mabowo anayi. Mkati muikidwe kapaipi ka pulasitiki kuti ndodo isakalike, ndipo pansi pakhale potulukira madzi. Pamalo powotcherera papakidwe penti chifukwa ndi pomwe dzimbiri limayambira. Paipi ya PVC payokha imang'ambika pa mabowo a mabawuti, choncho ndi yoyenera kusungiramo ndodo paulendo basi.

Boti lisanalowe m'madzi, chogwirira chiyesedwe pamtunda. Mulowetsedwe nsungwi yolimba yotalika ngati ndodo, moloza m'mbali, ndipo kunsonga kwake kupachikidwe chigubu cha malita 5 a madzi, omwe kulemera kwake ndi makilogalamu 5. Munthu wina ayang'ane patsinde pamene chigubucho chikugwedezedwa. Thupi la boti likamapindika kapena bawuti ikamasuntha, kachitsulo kakunsi nkochepa ndipo kasinthidwe. Ndodo iliyonse imangidwenso kachingwe kosachepera mita imodzi kochokera pa chokulungira kukafika pa mpando kapena pa mphete ya boti, osati pa chogwirira chomwecho.