CHITHUNZI CHA TSAMBA LODWALA CHIFIKE CHOONEKA BWINO

Alimi ambiri akaona mawanga pa fodya amajambula tsamba ndi foni natumiza kwa alangizi. Koma nthawi zina chithunzicho chimafika chachimbuuzi, ndipo mlangizi amalephera kudziwa matendawo. Chifukwa chake nachi.

Chithunzi cha m'foni ndi timadontho tambirimbiri. Kadontho kalikonse kamasungidwa ndi manambala atatu osonyeza kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Chithunzi cha timadontho 12 miliyoni chikadatenga malo okwana 36 MB, choncho foni imachipanikiza kuti chichepe.

Mukamadinda fodya, masamba onse amakhalabe m'belo. Kupanikiza chithunzi sikutero. Njira ya JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imagawa chithunzi m'tizigawo ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, nitaya tinthu timene diso siliona msanga. Chotayidwacho sichibwereranso. WhatsApp nayo imachepetsanso chithunzicho potumiza. Motero timawanga ta matenda ongoyamba kumene ndi timene timayamba kusowa.

Choncho chitani izi:

1. Jambulani tsamba limodzi pafupi, kuti mawanga aoneke aakulu.
2. Jambulani powala, osati m'chigafa mwa mdima.
3. Jambulani pamwamba ndi kunsi kwa tsambalo.
4. Pa WhatsApp sankhani "Document". Mudzalipira zochulukirapo pang'ono, koma chithunzi chidzafika chathunthu.

Kumbukirani kuti mankhwala olakwika amawononga ndalama, matenda nkumafalikirabe m'munda. Ngati mawanga akuchuluka, itanani mlangizi adzaone yekha.